Phiri linasuntha, nanga chikondi cha Mulungu?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Mulanje, mbali ya ku Muloza. Alemba motere: "Abusa, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba yathu, ndipo mayi anga ndi mwana wanga wachiwiri anapita ndi matope. Bambo a ana anga anapita ku Joni kalekale, sayimbanso foni. Chifukwa cha mavuto ndinagwa ndi mwamuna wa mwini amene ankandipezera ganyu yothyola tiyi, mpaka ndinabereka mwana. Ku mpingo anandidula. Mneneri wina wandiuza kuti ndili ndi temberero la ku mtundu, Mulungu anandifulatira, ndiye ndifese mbewu kuti andimasule. Ndikagwada kupemphera sindimva kalikonse. Kodi chikondi cha Mulungu chimatha? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti akadali wake?"

Mayi, pepani kwambiri. Ndayamba ndi pepani chifukwa kalata yanu ndi ya maliro isanakhale ya mafunso, ndipo pa maliro munthu safikira kulalikira. Amayamba wakhala pansi kaye. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo inu yakugwerani yotsatizana: imfa ziwiri usiku umodzi, banja kutha popanda wonena kuti latha, kenako manyazi. Aliyense akanafunsa zimene mwafunsazi.

Zaka zambiri ndili pa guwa ndinkakonda fanizo limodzi, ndipo lero ndimachita nalo manyazi pang'ono. Ndinkauza Akhristu kuti chikondi cha Mulungu chili ngati phiri la Mulanje. Mwezi wa Juni chiperoni chikabwera, phiri lonse limabisika, Sapitwa ndi mamita ake 3,002 osaoneka, ngakhale Chambe amene ali pafupi ndi msewu osaoneka, koma palibe amene amathamanga kukafunsa ngati phiri lasamuka. Tonse timadziwa kuti lili pomwepo kuseri kwa nkhungu. Anthu ankavomera ndi mutu, ine n'kumadziona ngati ndalalikira. Fanizo limeneli linandithera m'manja mu Marichi 2023. Mungamuuze bwanji mayi amene anamva phiri likulira usiku, miyala yaikulu ngati nyumba ikutsika ndi matope, kuti Mulungu ndi wokhazikika ngati phiri? Akulu a ku Phalombe anali atazidziwa kale zimenezi kuchokera mu 1991, pamene Napolo anatsika ku Michesi. Phiri limasuntha.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Baibulo linali litanena kale, ine ndi amene sindinkawerenga bwino. Yesaya 54:10 akuti: "Pakuti mapiri adzachoka, ndi zitunda zidzasunthika, koma kukoma mtima kwanga sikudzakuchokera iwe." Mulungu sakudzifanizira ndi phiri pamenepa. Akunena kuti tsiku limene phiri lidzakugwiritse mwala, iye adzakhala alipobe. Ndipo taonani amene akuuzidwa mawuwa. Mutu wonse wa 54 ukuyankhula ndi Yerusalemu ngati mkazi wosiyidwa ndi mwamuna, wosweka mtima, wonyamula manyazi a ubwana wake ndi chitonzo cha umasiye, ndipo vesi 11 ikumutcha wosautsidwa, wokankhidwa ndi namondwe, wosatonthozedwa. Mukawerenge nokha pang'onopang'ono. Sindinaike ine mawu amenewo.

Tsono tiyambe ndi namondweyo, chifukwa ndi pamene mneneri uja wapezera khomo. Maganizo akuti tsoka lalikulu limagwera wochimwa kwambiri ndi akale kwabasi, ndipo Yesu anawakana poyera. Pa Luka 13 anthu anakamba za Agalileya amene anaphedwa ndi Pilato, iye n'kuwakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera n'kuwapha. Anafunsa ngati akuganiza kuti anthu amenewo anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, iwo n'kufunsa funso lenileni la temberero la ku mtundu: anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu anati palibe mwa iwo. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno tikaphatikiza amene sanapezeke, kuyambira ku Chilobwe mu Blantyre mpaka kuno kwathu ndi ku Phalombe. M'gulu limenelo munali akulu a mpingo, amayi a Mvano, makanda, Asilamu, zidakwa, oimba kwaya. Matope sanafunse khadi la ubatizo. Anatsata kutsetsereka kwa nthaka, kuchuluka kwa mvula imene inagwa masiku angapo osakata, ndi malo amene mitengo inatha. Munthu amene akufuna kuwerenga mtima wa Mulungu pa mndandanda wa nyumba zogwa akuchita zomwe anachita anzake a Yobu, ndipo kumapeto kwa buku lija, pa Yobu 42:7, Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu.

Za kufesa mbewu ndinene mwachidule, chifukwa zimandipsetsa mtima. Munthu wina dzina lake Simoni anayesapo kupereka ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, ndipo yankho la Petro pa Machitidwe 8:20 linali lakuti ndalama yake itayike naye pamodzi. Ngati ogula anadzudzulidwa chotero, nanga ogulitsa? Musapereke.

Mawu amene amayankha funso lanu mwachindunji ali pa Aroma 8:35: "Adzatisiyanitsa ndani ndi chikondi cha Khristu? Nsautso kodi, kapena kupsinjika mtima, kapena kuzunza, kapena njala, kapena usiwa, kapena zoopsa, kapena lupanga kodi?" Timawerenga vesi imeneyi pa maliro mothamanga, ngati ndakatulo, koma si ndakatulo ya munthu wokhuta. Paulo analemba kalatayi ali ku Korinto cha m'ma 57, ndipo zinthu zisanu ndi chimodzi zoyambirira pa mndandandawo anali atazilawa kale ndi thupi lake. Pa 2 Akorinto 11 akuwerenga yekha: kasanu anakwapulidwa zikoti 39, katatu anamenyedwa ndi ndodo, kamodzi anaponyedwa miyala, katatu chombo chinamuswekera, ndipo anakhalapo usiku ndi usana akuyandama pa nyanja. Njala, ludzu, kuzizidwa, usiwa, zonse akuzitchula. Chinatsala ndi lupanga lokha, ndipo mbiri ya mpingo imati nalonso linamupeza ku Roma m'masiku a Nero. Anthu amene ankawalembera nawonso sanali pa mtendere. Ayuda, kuphatikizapo Akhristu monga Akula ndi Priskila, anali atathamangitsidwa mu Roma ndi mfumu Klaudio zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo mu 64 Nero anayamba kupha Akhristu a mumzindawo.

Mfundo yake ndi iyi, mayi. Paulo sakunena kuti amene Mulungu amawakonda sadzaona njala ndi usiwa. Akunena kuti adzaziona, ndipo zidzalephera kuwalekanitsa. Pa vesi 37 akuti "m'zonsezi" tilakika, kutanthauza tili m'kati mwake, madzi ali m'khosi. Ndiye tenti imene munagonamo pa kampu, ndi mwana amene munamuika kapena amene simunamupeze n'komwe, sizingakhale umboni wakuti anakutayani. Zili pa mndandanda wa zinthu zimene zimagwera okondedwa.

Koma ndikudziwa kuti mukuwerenga uku mtima ukunena kuti: abusa, za namondwe ndamva, nanga tchimo langa? Pa mndandanda wa Paulo palibe chigololo. Mwaona bwino, palibedi. Chifukwa chake n'chakuti nkhani ya tchimo waithetsa kale m'mavesi a pamwamba pake, 33 ndi 34, m'chiyankhulo cha pa bwalo la milandu. Akufunsa kuti adzawaneneza ndani osankhidwa a Mulungu, pamene woweruza mwiniyo ndi amene wawayesa olungama? Adzawatsutsa ndani, pamene Khristu anafa, anauka, ndipo ali kudzanja lamanja la Mulungu kutipempherera? Ganizirani mlandu kwa a gulupu, wodandaula wafika ndi mboni zake, koma mbuzi ya chindapusa yaperekedwa kale ndi mwana wa mfumu yemweyo, ndipo mwanayo wakhala pambali panu. Wodandaula akhoza kuyankhula zoona zokhazokha, koma mlandu ulibenso pogwira.

Ndipo funso lofunika n'lakuti chikondicho chinayamba liti. Anthu ambiri m'mipingo yathu, ngakhale sanena, amakhulupirira kuti Mulungu anayamba kuwakonda tsiku limene analowa kalasi, kapena tsiku limene anavala yunifolomu ya Mvano. Ngati chinayamba ndi khalidwe labwino, chiyenera kutha ndi khalidwe loipa. Ndicho chikondi cha nkhwangwa chija, chokoma pokwera, ukafika pamwamba n'kuiponya pansi. Inu mwachidziwa chikondi chotere kawiri konse, kwa amene anapita ku Joni ndi kwa amene ankakupezerani ganyu, ndiye n'zosadabwitsa kuti mukumuyeza Mulungu ndi muyezo womwewo. Koma Aroma 5:8 akuti "pokhala ife chikhalire ochimwa, Khristu adatifera ife." Anakukondani akudziwa zonse, za chaka chino zomwe. Palibe chimene mwachita chimene chamudzidzimutsa.

Ndisakunamizeni kuti tchimo ndi nkhani yaing'ono. Pali mayi wina kwinakwake amene banja lake lagwedezeka chifukwa cha zimenezi, ndipo naye Mulungu amamukonda. Ngati ubwenzi uja ukupitirira, uthe. Paulo yemweyo, pa Aroma 6, anafunsa ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, n'kuyankha kuti msatero ayi. Tchimo limawononga zinthu zenizeni: mtendere, kulimba mtima popemphera, ulemu pamudzi. Davide atatenga mkazi wa Uriya anapemphera pa Salimo 51 kuti, "Mundibwezere chimwemwe cha chipulumutso chanu." Chimene ankadziwa kuti chamuthawa ndi chimwemwe. Mulungu amene ankamulirira uja anali akadali Mulungu wake, n'chifukwa chake anali ndi kolirira.

Tsopano za kudulidwa. Ndakhalapo pa bwalo la akulu a mpingo kwa zaka zambiri, ndipo ndadulapo anthu. Ena ndinawadula moyenera, ena ndikakumbukira ndimasowa tulo, makamaka atsikana amene tinkawaimika kutsogolo chifukwa mimba imaoneka, pamene mwamuna wake wakhala phee pa benchi ya kumbuyo atavala jekete. Chilango cha mpingo chili ndi malo ake m'Malemba, koma muzidziwa malire ake. Akulu a mpingo angakuimitseni pa Mgonero kwa kanthawi. Sangakuchotseni m'dzanja la Khristu, chifukwa pa Yohane 10:28 mwini wake anati palibe adzakwatula nkhosa zake m'dzanja lake, ndipo sanawonjezere kuti kupatula abusa ndi akulu a mpingo. Cholinga cha chilango ndi kubweza munthu. Ku Korinto kunali munthu amene analangidwa, ndipo pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo anauza mpingo kuti chilangocho chakwana, amukhululukire, amutonthoze, kuti angamizidwe ndi chisoni chochuluka, ndipo amutsimikizire chikondi chawo. Mpingo umene umadziwa kudula koma sudziwa kubweza wawerenga theka la kalata.

Ndifike pa funso lanu lachiwiri, limene ndi lovuta kuposa loyamba: munthu angadziwe bwanji? Mukuti mukagwada simumva kalikonse.

Tsiku lina ndikuchokera ku mlaga nyengo ya dzinja, ndinaima pa mtsinje wina waung'ono wotsikira mu Ruo, madzi atakwera kufika m'chiuno. Panali mayi wina ndi mwana wa miyezi ingapo. Ndinamuona akukonzeka. Anamutsitsa mwana, n'kumuberekanso m'mwamba kwambiri, mutu wa mwana kufika pa khosi pake. Anamanga chitenje choyamba pa chifuwa, mfundo iwiri. Anatenga chachiwiri, n'kuchikulunga ngati chingwe, n'kuchidutsitsa pansi pa matako a mwana, n'kumanganso. Anadumpha pang'ono kuti amve ngati walimba. Kenako analowa m'madzi cham'mbali, phazi limodzi kufufuza mwala lisanaponde. Mwana uja anayamba kulira madzi atangomukhudza ku mapazi. Ankaponda msana wa mayi ake, timanja tili m'mwamba, sanagwire chilichonse. Mukanamufunsa ngati akumva kuti ndi wotetezedwa, akanati ayi. Nkhope ya mayi ake sankaiona n'komwe, ankangoona madzi. Anawoloka chifukwa cha mfundo zija.

Pa Yesaya 46:3-4 Mulungu akudzitchula yekha kuti ndi wonyamula anthu ake kuyambira m'mimba mpaka imvi, ndipo pa 49:15 akufunsa ngati mkazi angaiwale mwana wake wa kubere, n'kunena kuti ngakhale iwowo angaiwale, iye sadzaiwala. Chitsimikizo cha Mkhristu chimakhala pa mfundo imene wamanga Mulungu, ndiyo mtanda ndi lonjezo lake. Zimene mukumva mumtima zimasintha ndi njala, ndi tulo, ndi malungo, ndi chisoni. Munthu amene waika mwana ndi mayi ake nthawi imodzi mtima wake umachita dzanzi, monga mwendo umene wakhalira nthawi yaitali. Dzanzi limenelo ndi bala, ndipo bala si chiweruzo. Ineyo mayi a kunyumba atamwalira ndinalalikira pafupifupi chaka chathunthu ndisakumva kanthu. Ndinkanyema mkate pa Mgonero manja akugwira ntchito, m'kati muli zii. Sindinauze munthu, ndipo pamenepo ndinalakwitsa.

Baibulo silibisa za nyengo zoterezi. Salimo 88 imayamba ndi kulira ndipo imathera mu mdima, popanda vesi ya chitonthozo kumapeto, komabe inaikidwa m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu. Yesu mwini pa mtanda anafuula kuti Mulungu wanga, mwandisiyiranji ine, ndipo palibe nthawi imene anali Mwana wokondedwa kuposa pamenepo. Makolo a chikhulupiriro nawonso anazidziwa. Chivomerezo cha Westminster cha mu 1646, chimene mipingo ya Chipresibateriya inachokera nacho ku Scotland, chimanena poyera kuti wokhulupirira weniweni akhoza kudikira nthawi yaitali asanapeze chitsimikizo, ndiponso kuti chitsimikizocho chikhoza kugwedezeka, kuchepa, ngakhale kuzimirira kwa kanthawi, iye akadali wa Mulungu. Martin Luther, amene ankavutika kwambiri ndi mantha akuti Mulungu wamukana, sankadzitonthoza poyeza kutentha kwa mtima wake. Ankadziuza kuti, ndine wobatizidwa. Ankaloza chinthu chimene chinachitika kunja kwa iye, chimene maganizo a usiku sangachifafanize.

Kunena zoona, mipingo simvana pa funso lakuti kodi munthu wopulumutsidwa angathe kudzitaya yekha mpaka kutayika. A Chipresibateriya amati amene Mulungu wamugwira adzamusunga mpaka mapeto. Akatolika, a Methodist, a Seventh Day ndi ena amati munthu akhoza kukana chisomo n'kuchoka, ndipo amaloza machenjezo monga a pa Ahebri 6. Mkangano umenewu ndi wa zaka mazana, sitiuthetsa lero. Koma onsewa amagwirizana pa chinthu chimene chikukhudza inu: mbali ya Mulungu siduka, ndipo wobwerera sabwezedwa pakhomo. Machenjezo aja akunena za munthu amene wamukana Khristu mwadala ndipo sakumufunanso. Munthu wotero salemba kalata ngati yanuyi. Sasowa tulo chifukwa cha Mgonero. Njala imene muli nayo yofuna kudziwa ngati akadakukondani, anaiika ndani? Mtembo sumva njala.

Ngati mukufuna munthu wa m'Baibulo woti muyende naye masiku ano, tengani Petro. Yesu anamuuziratu kuti adzagwa, ndipo pa Luka 22:32 anawonjezera kuti wamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisazime. Pemphero linatsogola, kugwa kunabwera pambuyo. Petro anakana Mbuye wake katatu akuwotha moto wa makala pa bwalo la mkulu wa ansembe. Mmawa wa kuuka, mngelo anauza amayi aja pa Marko 16:7 kuti akauze ophunzira ake "ndi Petro", kumutchula dzina, chifukwa mwina iye sakanadziwerengeranso m'gululo. Kenako pa Yohane 21 akumupeza Yesu m'mbali mwa nyanja atasonkha moto, wa makalanso, pali nsomba ndi mkate. Fungo lomwe lija la usiku wa manyazi. Yesu sanayambe ndi mlandu. Anayamba wawadyetsa, atatha kudya ndi pamene anamufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumupatsanso ntchito. Mukamakoleza mbaula madzulo muzikumbukira nkhani imeneyi.

Zochita zilipo, ndipo si zambiri. Tchimo muliulule kwa Mulungu ndi dzina lake, kamodzi, mosazungulira, ndipo mugwire 1 Yohane 1:9 amene akuti iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira. Mtima ukadzayambanso kukuimbani mlandu womwewo mawa, pali 1 Yohane 3:20: Mulungu ndi wamkulu woposa mitima yathu. Kupemphera musasiye chifukwa choti mawu sakubwera. Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka, ndiye kugwada n'kungolira nakonso ndi pemphero. Masiku ena ingowerengani Salimo mokweza, mawu a wina akunyamuleni.

Ku tchalitchi muzipita, ngakhale mukhale kumbuyo. Wodulidwa saletsedwa kumva Mawu. Pitani kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu, kapena kwa mayi mmodzi wachikulire wa Mvano amene mumamudziwa kuti sayenda ndi nkhani, mukanene kuti mukufuna kubwerera ndipo akuuzeni njira yake. Ena adzakuyang'anani cham'mbali, zimenezo ziliko. Mukhoza kupeza kuti amene adzakusunthirani malo pa benchi ndi amene simunkawaganizira.

Chisoni chija musachinyamule nokha. Ngati tulo sitibwera kwa milungu, ngati mvula ikangoyamba kugunda pa malata thupi limanjenjemera, makamaka ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo amakufikirani, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani ku chipatala mukafotokoze. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ambiri amene anapulumuka ku Freddy akudwala nthenda yomweyo mwakachetechete.

Mwana wabadwayo alibe mlandu, ndipo pasapezeke womutcha mwana wa tchimo inu muli pomwepo. Bambo ake ali ndi udindo womusamalira, ndipo lamulo la dziko lino losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limatero, kaya makolo ali pa banja kaya ayi. Akakana, a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kapena bwalo la majisitireti angakuthandizeni, ndipo simuyenera kubwerera m'manja mwake kuti mwana apeze sopo. Ndalama imene munkasonkhanitsa ya mbewu ija mumugulire bulangete mwanayo, chifukwa chiperoni cha kuno mukuchidziwa.